Tochi yanji yoti ndiziyenda nayo m'thumba la yunifolomu?

Funso: Ndine namwino pachipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo nyumba yanga ili kakamtunda pang'ono kuchokera pachipatalapo. Usiku mlonda akabwera kudzandidzutsa kuti kwabwera matenda, ndimadutsa kanjira ka m'maudzu. Sola yathu ikamafika pakati pa usiku imakhala itatopa kale, ndiye ndimadalira foni. Chaka chino chokha ndagula matochi atatu pamsika, ina yolembedwa kuti 99,000 lumens, koma onse anafa. Mlongo wanga ali ku Joni wati ndimuuze yoti andigulire. Ndikufuna kakang'ono kokwana m'thumba la yunifolomu koma kowala kwambiri. Ndimuuze kuti chiyani?

Yankho: Anesi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi ndalama zomwe zapita ndi matochi atatuwo. Ntchito yanga ndi yokonza zamagetsi ndi kuika sola, ndipo matochi akufa ngati anuwo ndatsegula ochuluka moti ndikhoza kukuuzani za m'kati mwake ndisanawagwire n'komwe: kasipuling'i kadzimbiri, waya woonda ngati ulusi wongomatidwa pang'ono, ndi batire lopepuka ngati mulibe kanthu.

Tiyambe ndi 99,000 uja. Lumen ndi muyeso wa kuwala konse kumene kukutuluka m'tochi. Kandulo imodzi imapereka ma lumen pafupifupi 12. Babu lakale lija la 60 watts, lotentha lija, linkapereka cha m'ma 800. Nyali imodzi yakutsogolo kwa galimoto, ya mtundu wa halogen, imapereka kuyambira 1,000 mpaka 1,600 kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye kuti katochi kanu kaja kamalonjeza kuwala kwa magalimoto oposa 30 atayatsira pamodzi nyali zawo zonse. Masamu ake ndi osavuta. LED (kababu ka m'matochi amakono) yabwino imapereka ma lumen cha m'ma 150 pa watt iliyonse, choncho 99,000 ikufuna ma watt oposa 600. Batire labwino zedi la mtundu wa 18650, limene limakhala m'matochi okulirapo, limasunga mphamvu yokwana ma watt 12 kwa ola limodzi. Pa ma watt 600 lingathe m'mphindi imodzi, ndipo dzanja lingapse mphindiyo isanakwane. Matochi a pamsika oterewa ndikawayatsa pambali pa anga odziwika bwino, ambiri amathera pa 200 kapena 300.

Komanso 300 weniweni si wochepa ayi. Diso likakhala mumdima limazolowera, ndipo limafuna kuwala kochepa kuposa mmene timaganizira tili m'sitolo masana. Poyenda m'kanjira kanu, ma lumen 30 mpaka 80 akukwanirani kuona pomwe mukuponda ndi m'mbali momwe. Kuwerenga kabuku ka kuchipatala ka wodwala kapena dzina la mankhwala pabotolo, 3 mpaka 5 ndi okwanira, ndipo kupitirira apo pepala loyera limangokuthobwani m'maso. Pofufuza mtsempha woika kanula mufuna 30 kapena 50. Kuwala kwa 300 mpaka 500 mudzakufuna mwa apo ndi apo, kwa masekondi ochepa, mukamva kuswaswata kumpanda n'kufuna kudziwa ngati ndi mbuzi, galu kapena munthu. Diso silimawerenganso ngati sikelo: kuti tochi ioneke yowala kawiri, ma lumen ayenera kuchuluka pafupifupi kanayi. Mutayatsa ya 500 ndi ya 700 pamodzi, mungavutike kunena kuti yowala ndi iti, koma ya 700 ija imadya batire msanga.

Ngakhale makampani oona mtima ali ndi kachinyengo kawo kovomerezeka. Kuyambira mu 2009 ambiri amatsatira muyezo wa ku America wotchedwa ANSI FL1. Pa muyezo umenewu ma lumen amawayeza tochi itangoyaka, pakati pa masekondi 30 ndi mphindi ziwiri, pamene maola oyaka amawawerenga mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala koyamba. Tsono bokosi likati "1,000 lumens, 2 hours", musaganize kuti muona 1,000 kwa maola awiri. Katochi kakang'ono kakayaka mwamphamvu chotero kamatentha, chifukwa thupi lake lilibe malo okwanira otayira kutenthako, ndipo pakangopita mphindi imodzi kapena zitatu kamadzitsitsa kokha, mwina kufika pa 300 kapena 200. Limeneli si vuto, ndi mmene kamadzitetezera kuti LED isapse. Koma zikutanthauza kuti nambala yaikulu ija ndi ya mpikisano wa mamita 100, pamene inu ntchito yanu ndi ulendo wa usiku wonse. Alongo anu akamaona tebulo la kumbuyo kwa bokosi, maso awo akhale pa mizere ya pakati ndi yapansi: ma lumen 30 kwa maola angati, ma lumen 5 kwa maola angati. Kampani yosalemba mizere imeneyi n'kungolemba nambala imodzi yaikulu, aisiye pomwepo.

Pali nambala ina yotchedwa candela, yoyeza mphamvu ya kuwala kolunjika mbali imodzi, ndipo pa iyo amawerengera mamita amene kuwala kumafika. Matochi awiri a ma lumen ofanana akhoza kusiyana kwambiri: ina imaunjika kuwala pakadontho kamodzi kofika kutali, ina imakumwaza ponseponse pafupi. Mamita a pabokosi amawayeza mpaka pomwe kuwala kwatsika kufanana ndi kwa mwezi wathunthu, ndiye poti muone chinthu bwinobwino dulani nambalayo pakati, mwinanso kuposa apo. Yolembedwa mamita 80 kapena 100 ndi yabwino kwa inu. Yoponya kutali kwambiri m'wodi ndi chisokonezo, imapanga kadontho kothobwa pamkono wa wodwala kwinako kuli bii. Matochi okoka kumutu aja, oti mukakoka kuwala kumachepa n'kusanduka kabokosi, ndikukuletsani. Mukakoka, kuwala kochuluka kumatsalira m'kati, ndipo kukokakoka kuja kumagwira ntchito ngati pampu ya njinga, kumayamwira chinyezi ndi fumbi m'kati. Ndingabetche kuti mwa atatu anu aja, iwiri inali yotere.

Tsopano pa batire, pamene ine ndimayambira posankha tochi iliyonse, chifukwa tochi yopanda moto ndi chitsulo chabe, ndipo kwanuko mu Januwale ndi Febuluwale mitambo ikagwirana masiku atatu sola sidzadza.

Mabatire a tochi zazing'ono alipo a misinkhu itatu. Kali kakang'ono ka AAA, kamene kamasunga mphamvu ya pafupifupi watt imodzi kwa ola. N'kabwino kukhala kumakiyi ngati kodzapulumukira, koma sikangakutengereni usiku wonse wa ntchito. Lili la 18650, lomwe dzina lake ndi kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali. Limasunga mphamvu yochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la msinkhu wa AA, koma tochi yake imakhala yaitali cha m'ma sentimita 12 ndipo ikalowa m'thumba la yunifolomu imalikokera pansi, mukawerama kuti muone wodwala imagwa. Imeneyo ndi yoyenera mlonda wanu uja, ndipo tsiku lina komiti ya chipatala ikadzapeza kangachepe idzamuganizire. Pakati pa awiriwa pali AA, batire lija la mu wailesi yaing'ono ndi mu wotchi ya pakhoma. Tochi ya batire limodzi la AA imakhala yotalika ngati chala chanu chapakati n'kuwonjezerako pang'ono, ndipo simuimva kulemera.

Chimene ndikufuna alongo anu afufuze ndi tochi ya AA imene imalandiranso batire lotchedwa 14500. Batire limeneli ndi lofanana msinkhu ndi AA, mamilimita 14 kwa 50, koma ndi la lithium ngati la mu foni, la ma volt 3.7 pamene AA wamba ndi 1.5. Ambiri masiku ano amabwera ndi kabowo ka USB-C pathupi pake penipeni, moti mumalitulutsa m'tochi n'kulitchaja ndi tchaja ya foni, pa power bank kapena pa sola. Likakhala m'kati, tochi imawala mwamphamvu yake yonse. Likatha pakati pa usiku, kapena sabata yonse kwachita mitambo, mumatuma mwana pagolosale kukagula AA wamba n'kuponyamo, tochi n'kuyaka, mochepererako koma mokwanira ntchito. Uku ndiye kukhala ndi makasu awiri. Matochi a batire lomatiratu m'kati, oti simungalichotse, ndi okongola ndipo ena ndi opyapyala bwino, koma akatha moto muyenera kudikira atchajike, ndipo batirelo likakalamba pakatha zaka zingapo tochi yonse yatha.

Chenjezo limodzi lokha pa 14500, ndipo ndikulinena chifukwa ndinaliona ndi maso. Bambo wina anandibweretsera makina oyezera BP atafa. Nditatsegula ndinapeza kuti mwana wake anaikamo mabatire a 14500 a mu tochi, poona kuti akukwana bwinobwino. Makina ofuna ma volt 6 analandira oposa 14, ndipo pakabolodi kake panali kachilonda kakuda konunkha chiwawu. Panyumba pa namwino pamakhala makina a BP, wailesi ndi wotchi, zonse za AA. Mabatire anu a 14500 muwamate kaselotepi kofiira kuthupi, kapena muwalembe ndi peni yosafufutika, ndipo musawasunge m'kabati imodzi ndi enawo. Onetsetsaninso kuti pabokosi la tochi palembedwa mitundu iwiri yonse, AA ndi 14500, chifukwa tochi ya AA yokha ikalandira 14500 nayo imapsa.

Pa ma AA a pagolosale, olembedwa "Heavy Duty" kapena "Super Heavy Duty" ndiwo ofooka kuposa onse ngakhale dzina lawo likuopsa. Ndi a mtundu wakale wa zinc ndi carbon. Pa kuwala kochepa amayesetsa, koma mukakweza amagwada nthawi yomweyo. Olembedwa "Alkaline" ndi abwinoko. Vuto la onsewa ndi loti akakhalitsa m'tochi, makamaka akatha, amatuluka madzi owononga aja amene amauma n'kukhala ufa woyera, ndipo batire limatupa n'kukanirira m'kati. Muziwaika pa nthawi ya vuto yokha, vuto likatha n'kuwachotsa. Ngati alongo anu thumba lawo likulola, awonjezerepo ma AA otchajidwa a mtundu wa NiMH, monga Eneloop a Panasonic, pamodzi ndi katchaja kake ka USB. Amenewa satuluka madzi, amasunga moto miyezi yambiri ali chikhalire, ndipo limodzi la 2,000 mAh (muyeso wa moto umene batire limasunga) limayatsa ma lumen 30 kwa maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu m'tochi yabwino. Tchaja yake ikhale yolembedwa NiMH. Musawaike mu tchaja ya lithium yokha.

Poti tanena za mAh: batire la 14500 loona limakhala pakati pa 800 ndi 1,000 mAh kapena kupitirirako pang'ono, la 18650 loona limathera cha m'ma 3,500. Mukaona 18650 yolembedwa 8,800 kapena 9,900, ndi m'bale wake wa 99,000 lumens uja. Ine ndimawaika pasikelo ya kukhitchini. Lenileni limalemera magalamu 45 kapena kuposerapo pang'ono, labodza nthawi zambiri silifika 35.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri ogula tochi sachilabadira, koma kwa inu n'chofunika kuposa ma lumen: mtundu wa kuwalako. LED yoyera kwenikweni ndi LED ya buluu yokutidwa ndi mankhwala achikasu. Ya buluu yowala bwino inatulukira ku Japan mu 1993 ku kampani ya Nichia, kudzera mwa Shuji Nakamura, amene mu 2014 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano. Ma LED otchipa amakutidwa mongofuna kuti awale kwambiri, ndiye kuwala kwawo kumapendekera ku buluu ndipo kufiira kumasowamo. Mukaunika nako chikhatho cha munthu chimaoneka chotuwa ngati wadwala mwezi wathunthu, magazi amaoneka oderapo, zofiirira ndi zobiriwira zimasakanikirana. Inu mukudziwa kuposa ine kuti usiku mumaweruza zambiri ndi mtundu: kutuwa kwa m'zikope ndi m'zikhatho mwa mayi amene wataya magazi, milomo ya mwana wobanika, mtundu wa madzi amene atuluka mayi akamachira, chilonda ngati chayamba mafinya. Tochi yonama mitundu imakusokeretsani pamenepo.

Muyeso wake umatchedwa CRI, ndipo dzuwa ndi 100. Matochi wamba amakhala cha m'ma 70. Inu mufune 90 kapena kuposa. Pali nambala inanso yothera ndi K: 6500K ndi kuyera kwa buluu kuja, 3000K ndi kwachikasu ngati kwa koloboyi, kumene kungachititse khanda lililonse kuoneka ngati lili ndi chikasu. Pakati pa 4500K ndi 5000K ndiye pofanana ndi kuwala kwa masana. Alongo anu akaona mayina ngati Nichia 519A, Nichia 219 kapena Samsung LH351D ya CRI 90, adziwe kuti afika. Tochi yotere imatsika ma lumen pang'ono poyerekeza ndi inzake ya buluu, ndipo wogulitsa adzayesa kuwakopa ndi yowala kwambiriyo, asamumvere. Komabe chikasu cha khanda muzikatsimikiza pawindo kukacha, tochi singalowe m'malo mwa dzuwa.

Phindu lake silithera m'wodi. Mphiri sithawa ikamva mapazi, imangogona phee panjira, ndipo khungu lake ndi la masamba ouma. Pansi pa kuwala kwa buluu masamba, dothi ndi njoka zonse zimakhala zotuwa chimodzimodzi. Ndinayenda usiku wina kuchokera koika sola kumudzi wina wa kumapiri, mnzanga ali ndi tochi yake yowala kwambiri ya buluu, ine ndili ndi kanga kofookerapo. Iye anali patsogolo ndipo anadutsa. Ine ndinaona mizere yachikasu ndi yoderapo itapindika m'mphepete mwa njira, pafupi ndi pomwe anapondapo ngati kutalika kwa phazi limodzi. Tinabwerera m'mbuyo mwakachetechete n'kuzungulira, ndipo mnzangayo sanalankhule mpaka tinafika kumsewu.

Za batani. Matochi a pamsika ambiri mukadina amayamba ndi kuwala konse, kenako kochepa, kenako kuthwanimathwanima kuja ngati kudisiko, ndipo kuti muzimitse muyenera kudutsa monsemo. M'wodi ya amayi oyembekezera 2 koloko usiku, zimenezo n'zodzutsa aliyense ndi makanda omwe. Funani tochi imene imayamba ndi kuwala kochepa nthawi zonse, kapena yokumbukira pomwe munasiyira, ndipo kuthwanima kuja kukhale kobisika kapena kusakhaleko. Magawo atatu kapena anayi akukwana. Kagawo kapansi kakhale ka ma lumen 5 kapena kucheperapo; ena ali ndi kosakwana lumen imodzi, kabwino poona ngati dripi ikudontha popanda kudzutsa mwana. Ndi kagawo kapansi kokhako komwe mungaunike nako m'diso la wodwala, ndipo muziyamba mwayatsira pachikhatho chanu kuti mutsimikize gawo lomwe ili. Tochi ya ma lumen 500 kuiyatsira m'diso la munthu pafupi ndi nkhanza.

Ine ndimakonda batani la kumchira, lodina ndi chala chachikulu. Mumdima wandiweyani, mutavala magolovesi, simufufuza, mchira ndi mchira basi. Batani lotere likazima limadula moto kotheratu. La m'mbali nthawi zambiri limakhala likumwa moto pang'onopang'ono ngakhale tochi ili yozima, komanso limadinika lokha m'thumba, ndipo tochi yamphamvu ikayaka m'thumba imatha kuwaula nsalu. Ngati yomwe yapezeka ndi ya batani la m'mbali, mankhwala ake ndi kumasula chotsekera batire pang'ono, kagawo kamodzi mwa kanayi ka kupota, mukamaisunga. M'matochi ambiri achitsulo zimenezi zimadula moto. Palinso matochi ena okondedwa ndi akatswiri amene ali ndi madinidwe ambirimbiri, kudina katatu n'kugwira, kudina kasanu, zotero. Ine ndimasangalala nawo Lamlungu masana. Inu mayi akutaya magazi simufuna kukumbukira masamu a batani.

Pa madzi onani chilembo cha IPX. IPX4 ndi yopirira kuwazidwa, IPX7 ndi yoti ikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30, IPX8 ndi yoposa apo. Tengani 7 kapena 8, chifukwa cha mvula ya m'njira komanso chifukwa tochi ya namwino iyenera kutsukika. Apa ndi pomwe batire lokhala ndi kabowo kakekake ka USB likupambana tochi yokhala ndi kabowo kunja kotsekedwa ndi kalabala: kalabalako kamatha, kamathothoka, madzi n'kupeza khomo. Popukuta gwiritsani ntchito sipiriti. Madzi a klorini amadya aluminiyamu, choncho ngati yakhudza magazi n'kufunika klorini, itsukuluzeni ndi madzi oyera mukatero ndi kuiumitsa. Sankhaninso ya thupi losalalako, chifukwa tizokhakhala tija topangira kuti isaterereke timasunga litsiro.

Tochi ya m'thumba ili ndi malire ake. Posoka mayi kapena pothandiza khanda kupuma mumafuna manja onse awiri, ndipo ndikudziwa zimene anamwino ambiri amachita: kuluma foni kapena tochi kukamwa, kapena kugwiritsa mlonda wa wodwala amene dzanja lake likunjenjemera ndipo maso wayang'ana kumbali. Kukamwa musaikeko. Alongo anu awonjezere tochi yovala pachipumi, ngakhale yotchipa, yoti izikhala m'chipinda chochirira. Poyatsa chipinda chonse, imikani katochi kanu m'kapu kataloza kudenga ngati kuli siling'i yoyera, kapena kalozetseni kukhoma loyera ngati kuli malata okhaokha; kuwala kumabwerera kofewa, kopanda zithunzithunzi zakuda. Mukakagunditsa kubotolo la pulasitiki lodzadza madzi, botololo limasanduka nyali. Ena ali ndi maginito kumchira omata pachitsulo cha bedi kapena cha dripi, koma kawirikawiri amenewo ndi a batani la m'mbali, ndiye muyenera kusankhapo chimodzi. Foni isiyeni ipume. Kuwala kwake ndi kwa ma lumen makumi ochepa, komwazika, ndipo moto wake ndi womwe mudzaitanire ambulansi.

Mayina tsopano, poti alongo anu sangalowe m'sitolo ndi nkhani yonseyi. Acebeam Pokelit AA ndi imene ili pafupi kwambiri ndi zomwe ndafotokozazi: imalandira AA ndi 14500, batani lili kumchira, ilipo ya LED ya Nichia ya CRI yoposa 90, ndipo imabwera ndi batire lake la USB-C. Lumintop Tool AA nayo imalandira mitundu iwiri yonse ndipo ilipo ya Nichia. Convoy T3 ndi yotsika mtengo, ndipo wogula amasankha yekha LED, monga 519A ya 4500K kapena 5000K, koma imagulidwa kwambiri pa intaneti. Fenix E12 ndi yolimba ndi yosavuta, ya AA, kungoti kuwala kwake ndi koyera wamba. Ngati mungakonde yooneka ngati cholembera, Nitecore MT06MD inapangidwira a zachipatala, imadya ma AAA awiri ndipo imayamba ndi kuwala kochepa. M'wodi ndi yabwino zedi, panjira ndi yongokwanira. Makampaniwa amatulutsa tochi imodzi m'mitundu ingapo ya LED pansi pa dzina lomwelo, choncho dzina lokha silikwanira, awerenge pabokosi kuti CRI ndi 90 ndipo K ali pakati pa 4500 ndi 5000. Agule m'sitolo yodziwika ya zinthu za kutchire ndi zomanga misasa kapena kwa wogulitsa wovomerezeka, chifukwa mayina otchukawa ali ndi zifaniziro zawo zabodza m'misika ya mumsewu ku Johannesburg monga momwe zilili kuno.

Uthenga wa pa WhatsApp ukhoza kungoti: tochi ya batire limodzi, AA/14500, high CRI 90, 4500K mpaka 5000K, batani la kumchira, IPX7 kapena IPX8, yokhala ndi kopanira m'thumba, batire lachiwiri la 14500 la kampani yomweyo, ndi tochi ya pachipumi. Ndati la kampani yomweyo chifukwa ma 14500 okhala ndi kabowo ka USB amatalikirapo pang'ono ndipo ena sakwana m'matochi ena. Chingwe chobwera m'bokosi asachitaye: mabatire ndi matochi ena satchajika ndi chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri, amafuna chija cha mutu waukulu mbali imodzi, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti agula chakufa pamene vuto ndi chingwe. Akamatumiza pa basi, batire lapadera likhale m'kabokosi kake kapulasitiki. Akamabwera nazo pa ndege, mabatire a lithium apadera amaloledwa m'chikwama cha m'manja chokha, osati m'sutikesi yopita pansi.

Ikafika, tchajani mabatire onse awiri, ndipo usiku wina womwe simuli pantchito muiyatse pa gawo lapakati n'kuona wotchi mpaka izilale. Nambala imeneyo ndi yanu, yoposa ya pabokosi, ndipo mudzadziwa kuti muzisintha batire pakapita masiku angati. Batire lapadera lisamayende lokha m'thumba limodzi ndi makiyi, sizasi kapena makobidi, chifukwa chitsulo chikagunda mbali zonse ziwiri limatentha koopsa. Chikopa chake chapulasitiki chikang'ambika lisiyeni kaye mpaka wokonza alikutenso. Musalisiye pawindo padzuwa la Okutobala, ndipo musalitchaje pabedi kapena mutachokapo tsiku lonse. Kawiri pachaka masulani chotsekera, pukutani timizere topotera tija ndi kansalu kouma, ndipo pakalabala kozungulira kaja pakanipo girisi wa silicone pang'ono. Mafuta odzola a petroleum amafewetsa malabala ena. M'bokosi mumakhala timalabala tapadera tiwiri kapena kamodzi, musatitaye ndi mapepala.

Matochi atatu akufa aja musanawaponye kudzala, tsegulani muone. Ngati muli ufa woyera wa mabatire, nyowetsani kathonje ndi viniga kapena madzi a ndimu, pukutani kasipuling'i ndi pogunda batire mpaka thovu litasiya, palani pang'ono ndi kampeni, umitsani padzuwa, ikanimo batire latsopano. Mwa atatu, imodzi imakonda kudzuka, ndipo imeneyo ikhoza kumakhala pamsomali wa kukhomo yopitira kuchimbudzi.